Lachisanu Limene Anandisambitsa Paphiri

Bweretsa kuno foniyo, Taonga, ndione chimene mukufera nacho phwete. Eya, ndinadziwa. Chithunzi chija. Ine ndi agogo anu aamuna titavala mikanjo yoyera ya kuhotela, tili chilili pakhonde, phiri lili kumbuyo kwathu. Mwachitenga kwa amayi anu, ndikudziwa, Misozi ndiye amasunga zinthu zimene munthu unati zifufutidwe. Sekani, mano ndi anu. Koma poti mwachiona, khalani pansi nonse mumve, chifukwa nkhani ya ulendo umenewo mukaimvera kwa amayi anu mudzaimva itadzozedwa mafuta. Iwe Mapalo, chotsa zingwezo m'makutu. Agogo anu a Mbewe musawaitane. Ali kuseri uko akunamizira kukonza wailesi, koma akumva zonse, ndipo ndikufuna amve.

Akuluakulu mwa inu mukuwakumbukira bana Mulenga, a nyumba ya chitseko chobiriwira iyo, amene ankakuthamangitsani mukamaba magwafa awo. Tinafika mu Kanyama muno chaka chimodzi, ine ndili ndi pakati poyamba, iwo ali ndi Mulenga kumsana. Nthawi imeneyo kuno kunali miyala ndi zithaphwi basi. Nyumba zinali za zidina, denga la migolo yophwanya, tikumapsinja ndi miyala kuti mphepo isatenge. Tsiku loyamba ndikusesa pabwalo, anabwera mayi wamtali, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Iwe ndiwe wa kum'mawa. Naona mbeba zonse za mu komboni zathaba." Ine ndinaimika tsache, ndinati, "Nanga inu a ku Kasama, nyani uja mwamusiya pamoto ndi ndani?" Anaseka mpaka mwana anadzuka kumsana. Madzulo ake anandibwereka mbaula, poti yanga inali isanagulidwe.

Chimenecho ndiye chimbuya. Inu mumangochionera pamaliro, mukaona anthu akupakana ufa kumaso, n'kumati ndi masewera a nkhalamba. Si masewera. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa amatukwanana chifukwa ndi abale a patsiku loipa. Kwanu kukagwa zovuta, eni ake manja amafooka. Amene amakoleza moto, kutunga madzi, kusambitsa mtembo, ndi uja amakutukwana tsiku ndi tsiku. Atate anga anachokera ku Ntcheu wapansi kudzafuna ntchito kuno, koma Abemba sanafunse za malire, anangotiponya m'gulu la akum'mawa. Bana Mulenga anawonjezapo chawo, ankati tsiku lina adzandiitanira lole ya boma indibweze ku Nyasalande.

Mwana wanga woyamba, mlongo wawo wa amayi anu amene inu simunamuone, anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Inali nthawi ya mvula, madzi ali m'mawondo m'nyumba, agogo anu ali ku mafakitale kunyamula matumba. Bana Mulenga ndiwo anadzamutenga m'manja mwanga. Anaika beseni lawo pamwamba pa tebulo, anamusambitsa, anamukulunga m'chitenge chawo chatsopano chimene anali asanachivalepo. Akuchita zimenezo akunditukwana, misozi ili chuchuchu, ati Achewa simudziwa ngakhale kulira, tonthola ndione bwino mwanayu. Kuyambira tsiku limenelo mchere wathu unali umodzi.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene ndinachisunga zaka khumi ndi ziwiri. Lero ndikhoza kunena chifukwa palibenso chobisa, ndipo mumva amene anachititsa. Bana Mulenga anadwala, kuchipatala anawachotsa bere lakumanzere. Anthu anauzidwa kuti apita kukacheza kwa mlongo wawo ku Kabwe. Amene ankadziwa tinali atatu: amuna awo, amene anatsogola kale, mwana wawo wamkazi Bwalya, ndi ine. Ndine ndinawasokera kapilo ka thonje koika m'kati mwa diresi, ndipo kakaphwa ndinkasoka kena. Anali mayi wonyada, woyenda mapewa ali chiwongokere, ndipo anayenda nako kutchalitchi, kumsika, kumaukwati, popanda wodziwa. Tsiku lina ndikuwayesa kapilo katsopano anandigwira dzanja.

"Iwe wodya mbeba, mvela. Nikafa usalole bazimai ba ku chalichi banivule. Pakamwa pao ni wailesi. Bwalya ni mwana, sangaone thupi ya amai bake. Uzanisambika iwe weka, chitseko chotseka."

Ndinati, "Nanga ndikayamba ndine?"

"Iwe sungayambe. Mfiti sizifa musanga."

Tinaseka, koma tinagwirana chanza. Woyamba kupita, mnzake adzamusambitsa yekha, chitseko chili chitsekere.

Chaka chathachi matenda aja anabwerera. Pofika nyengo yozizira anali chigonere, ine ndikumapita m'mawa uliwonse kukawatembenuza ndi kuwamwetsa phala. Ndi nthawi yomweyo imene amayi anu anatulukira ndi galimoto lawo, pepala lili m'manja, nkhope ili ngwee. Ati, "Mami, imwe na ba Dadi mwakwanisa zaka fifite mu chikwati. Takukonzelani ulendo. Hotela ya pa phili ku Malawi, kwao kwa bambuya. Wiki imozi chabe, muli babili, palibe kuphika, palibe kuwasha."

Ndinakana. Choyamba, mwamuna ndi mkazi kupita kutali kukangokhala, kumayang'anana, kuti aone chiyani chimene sanachione zaka makumi asanu? Ife ulendo wathu waukwati unali wa panjinga, kuchokera kutchalitchi ku Matero kufika kuno, ine pakaliyala nditagwira diresi kuti lisalowe m'masipoko, ndipo m'mawa mwake agogo anu anapita kuntchito. Ulendo wautali kwa ife unali wa maliro kapena wokaona wodwala. Inu lero mukangokwatana mwezi umodzi mwayamba kale kuti tatopa, tikapumuleko. Mwatopa ndi chiyani, madzi mumatunga ndi chala? Chachiwiri, ndinamuuza Misozi poyera kuti mnzanga ali pamphasa, ine sindingachoke.

Amene anandigonjetsa ndi bana Mulenga eni ake. Misozi, ndi nzeru zake za ku ofesi, anakawauza. Ndikulowa ndi phala ndinapeza akundidikira, mawu atachepa koma pakamwa pali pomwepo. Ati, "Yenda ukaone kwanu kwamene munathaba njala. Sinizafa ukalibe kubwela, uganiza ningakusiile komboni iwe? Unibweletseleko mbeba, nione ngati zinanenepa." Ndiye ndinamuimika Misozi pakhomo pomwepo, Bwalya ali pomwepo, ndinati lumbira. Analumbira. "Chilichonse chikachitika, Mami, nizatuma foni pamene apo, na motoka izabwela kukutengani." Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa, ndipo ndinanyamuka chifukwa cha iwo.

Ndiyambe ndakuuzani za uthenga wa maliro, poti inu mumaulandira pafoni pakati pa nyimbo ndi zithunzi za anthu ovina, n'kuikapo kankhope kolira, basi mwapepesa. Kale uthenga wa maliro sunkagona m'nyumba. Madzulo tinkazungulira wailesi ya mabatire kumvera mayina a omwalira, aliyense ali chete, ndipo ukamva dzina la mbale wa munthu wa mumzere wako unkathamanga kukagogoda, ngakhale uli ndi sopo m'mutu. Amayi awo a atate anga atamwalira ku Ntcheu, telegalamu inawapeza atatewo kuntchito masana. Anavula ovolosi pomwepo, anakwera lole ya fodya, masiku atatu panjira fumbi lili m'kamwa. Anakapeza ataika kale, koma palibe anawanena, chifukwa ananyamuka tsiku lomwe anamva. Munthu wosunga uthenga wotero m'thumba tinkamuyesa mfiti. Nthawi imeneyo mafoni kunalibe, koma anthu ankamva.

Tinakwera basi mpaka ku Chipata, tinagona, tinadutsa malire, galimoto la hotela linadzatitenga. Tsiku limodzi ndi theka, musunge chimenecho. Tinafika Lamulungu masana, msewu wokhotakhota mpaka makutu kutsekeka, nkhungu ikuyenda pansi pathu. Pakhomo anatipatsa tinsalu totentha tonyowa. Ine ndinaonera anzathu kuti akupukuta m'manja. Agogo anu anapukuta m'manja, kumaso, dazi lonse, m'khosi, ndipo ndikanapanda kuwaponda phazi akanafika kunsapato. Kenako mayi wa mu ofesi anatulutsa kabokosi, ati kuno alendo amapumula ku mafoni, ndiponso netiweki imagwira mu ofesi mokha, uthenga uliwonse ukabwera tidzakupezani. Ine ndinaumirira foni yanga pachifuwa. Agogo anu anandinong'oneza kuti, "Tisachititse manyazi ana, amake Misozi." Ndinaiponya m'kabokosi muja.

Chipinda chake, nyumba yathu ino ikhoza kulowamo ndi chimbudzi chomwe. Pabedi anamwazapo maluwa ofiira othothola, ndipo matawulo anawapinda ngati abakha awiri ogundana milomo. Ndinafunsa tsache kuti ndisese maluwawo, anandiseka mwaulemu. Chakudya chinkabwera pambale yaikulu, kanyama kali pakati kukula ngati bokosi la machesi, katsamba pamwamba. Madzulo ankazimitsa dala magetsi n'kuyatsa makandulo. Ndinawauza agogo anu kuti tayenda ulendo wonsewu kudzaona zimene timaziona ku Kanyama magetsi akapita. Anzathu ena anali achinyamata, awiriawiri, kudyetsana ndi foloko pamaso pa anthu, wina kumukhalira mnzake pamwendo mipando ilipo yambirimbiri.

Koma ndisakunamizeni, ndipo apa ndi pamene pamandiwawa. Kunali kokoma. Madzi otentha ankatuluka okha pakhoma, popanda mbaula, popanda chidebe. Mawondo angawa anasiya kulira. M'mawa unkatsegula zenera n'kuona dziko lonse lili pansi, midzi, minda, utsi wa m'makhitchini a anthu, ndipo ndinkati mwina atate anadutsa njira imodzi mwa izo ali mnyamata. M'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi ndinkayamba ndapita ku ofesi kukafunsa ngati kwabwera uthenga wanga. Lolemba anati kulibe.

Lachiwiri tili pa tiyi wa m'mawa, mayi wa mu ofesi uja anabwera, nati, "Bambo Mbewe, foni." Ndinaimirira ine. Ati ayi mayi, afunsa bambo. Agogo anu anapita, anakhalitsa, tiyi mpaka kuzizira. Pobwera anakhala pansi, anagwira kapu, sanamwe.

"Ndi Misozi," anatero. "Akufunsa ngati zofunda zikukwana."

"Nanga bana Mulenga?"

"Akuti ali chimodzimodzi."

Tsopano imvani zimene zinanenedwa pafoni imeneyo, poti ndinadzazifukula zonse pambuyo pake. Bana Mulenga anali atamwalira m'mawa womwewo. Bwalya anaimbira Misozi, monga tinapanganirana. Misozi anaimba kuphiri, n'kufunsa atate ake, osati ine. Ati, "Ba Dadi, musabauze. Bakufa bafa kudala. Lekani ba Mami bapumule, masiku yasala yang'ono chabe." Ndipo bambo uyo ali kuseriyo, mdala wa imvi zake, mkulu wa mpingo, anavomera. Bwalya atafunsa kuti amayi afika liti, Misozi anachita manyazi kunena zoona, anati bali mu njila. Maliro anayenera kuikidwa Lachinayi. Anawasuntha kufika Lachisanu chifukwa cha ine, anthu akugona panja pozizira usiku wina wowonjezera, Bwalya akuwauza kuti amayi anasiya mawu, wowasambitsa ndi mmodzi yekha. Werengani ndi zala zanuzo. Kumva Lachiwiri m'mawa, tsiku limodzi ndi theka panjira. Lachitatu dzuwa lisanalowe ndikanakhala ndili mu Kanyama.

Ine osadziwa kanthu. Lachitatu ku ofesi anati kulibe uthenga, ndipo sananame, uthengawo unali utaperekedwa kale kwa mwini nyumba, agogo anu. Ndinangoona kuti agogo anu asanduka munthu wina. Kundikokera mpando. Kundithirira shuga mu tiyi. Lachinayi anapita nane kukaona mathithi, ndipo potsika pamiyala anandigwira dzanja, osalisiya ngakhale titafika posalala, anthu akuona. Zaka makumi asanu bambo ameneyu sanandigwirepo dzanja pamsewu. Ine chitsiru ndinati ndi mphepo ya kuphiri, mtima unachita kufewa ngati wa namwali. Chithunzi chanucho anatijambula tsiku limenelo. Mukachionenso bwino, muona kuti ine ndikuseka mano onse panja, iwo akuyang'ana pansi.

Pahotelapo panali kanyumba kena kumene amayi amasambitsa alendo ndi kuwatikita ndi mafuta. Zinali m'gulu la zimene amayi anu anatikonzera, koma ine sabata yonse ndinkakana. Ine kuvula pamaso pa mlendo, ndadwala? Lachisanu m'mawa agogo anu anaumirira zachilendo. Pitani amake Misozi, pitani, ana angakhumudwe. Anandiperekeza mpaka pakhomo, iwo n'kulowera kuthengo okha. Anadzandiuza pambuyo pake kuti sakanatha kukhala moyang'anana nane pa ola limenelo.

Anandilandira mayi wa msinkhu wa Misozi, wa kumudzi wa m'munsi mwa phirilo, wolankhula Chichewa chenicheni cha atate anga. Anatseka chitseko. Anandigoneka patebulo lalitali, anandifunditsa nsalu yoyera. Anayambira kumutu. Anandithira madzi ofunda pang'onopang'ono, kunditsuka m'khosi, m'manja, chala chimodzichimodzi, kunditembenuza, kutsuka kumsana, mpaka m'mipata ya zala za kumapazi. Anandipukuta, anandidzoza mafuta onunkhira, anandipesa tsitsi. Ine ndinagona tulo, ana inu, tulo tenitweni, dzuwa lili pamutu. Podzuka ndinamugwira dzanja mayi uja, ndinati, "Mulungu akudalitse mwana wanga, chibadwire sindinasambitsidwepo chonchi."

Ola lomwelo Bwalya anali chilili pakhomo la mochale, kosungira mitembo, kuno ku Lusaka, beseni lili m'manja, sopo, diresi la amayi ake, kapilo kaja atakabisa m'chitenge, maso ali kugeti. Galimoto lililonse likalowa ankati ndi ine. Bambo wa pamochale anabwera kawiri kudzanena kuti pali mabanja ena pamzere. Kachitatu sanafunsenso. Analowa amayi anayi a kutchalitchi.

Tinanyamuka kuphiri Lamulungu. Panjira ndinaimitsa galimoto, ndinagula mbewa zapandodo kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, zonona bwino, ndinazikulunga m'nyuzipepala. Njira yonse ndinkakonza m'mutu mawu okawatukwana nawo powapatsa. Foni yanga agogo anu anaisunga m'jekete, ati batire latha. Lolemba masana tinatsika minibasi pamsika, tinayamba kuyenda. Amayi a pamsika amene masiku onse amandikuwira, tsiku limenelo aliyense anali wotanganidwa ndi tomato wake. Titakhota pakona ndinaona pabwalo la chitseko chobiriwira pali phulusa, bwalo lalikulu lakuda, ndi mabowo anayi a mitengo ya tenti. Munthu wa mu komboni akaona phulusa lotero safunsa. Ndinatembenuka kuti ndiwagwire agogo anu, ndipo ndinapeza chipewa chili kale m'manja. Anali atachivula tisanakhote.

Ndinataya chikwama pamsewu, ndinalowa ndikulira. M'nyumba munali mudakali achibale, amayi ali pamphasa. Maliro n'kulirana, ukalowa ndi mfuu anzako amakulandira ndi mfuu, wina amasendera kuti ugwere pambali pake. Palibe anasendera. Ndinalira ndekha pakati pa nyumba mpaka mawu anandithera. Pamenepo Bwalya anaimirira, mwana amene ndinamusambitsa ali wakhanda, amene chiyambire kulankhula ankanditcha wodya mbewa monga amayi ake. Anapita kuchipinda, anabwera ndi mpando wa pulasitiki, anaupukuta ndi chitenge, anauika pafupi ndi chitseko.

"Nkalani apa, mukwai. Mwayenda bwanji?"

Mukwai ndi mawu awo aulemu, amene amauza mlendo kapena bwana. Ndinati, "Bwalya mwana wanga, sindinamve. Mulungu ndi mboni, sindinauzidwe."

"Tinakuyembekezani," anatero. "Tinasuntha na siku." Anakanditengera tiyi m'kapu ya alendo, ya kambale pansi. Gogo wina wa kwawo amene anakhala pakona anandifunsa mofatsa kuti kuphiri kunali bwino.

M'mawa mwake ndinapita kumpopi ndi chigubu. Ndili kuseri kwa mpanda ndinamva amayi akucheza pamzere. "Kansi bana Mulenga benze na bele imozi chabe? Zaka zonse zija kutinyadila na nsanza mu diresi." Wina anati anamva kuti chilonda chake chinafika mpaka m'khwapa. Wina anaseka. Atandiona anandipatsa mpata kuti nditunge poyamba. Zaka khumi ndi ziwiri mayi uja anabisa thupi lake, anapempha chinthu chimodzi chokha padziko lapansi, ndipo chinathera pampopi, pakati pa zigubu. Ndinabwerera madzi osatunga.

Amayi anu anabwera madzulo ake, atanyamula keke ya zaka makumi asanu zija. Ndinawafunsa funso limodzi, kuti unalumbira kapena sunalumbire. Ati, "Mami, ninakuimililani. Ninagula unga, makabichi, nkhuni, nenze pamalilo masiku yonse. Imwe munafunika kupumula. Olo munabwela, sembe banauka?" Dzanja langali linanyamuka lokha, koma ndinakumbukira kuti ndi mayi wa ana. Ndinati, ufa susambitsa munthu. Ndinati, ndani anakutuma kuti undiyezere chisoni changa, kuti ichi amayi angathe, ichi sangathe? Ndinaika mwana wanga m'manda iwe usanabadwe, madzi ali m'mawondo, ndiye lero ukundiona ngati dzira? Munandinyamula ngati katundu kukandiika paphiri, n'kutseka pakamwa nonse, kuti ulendo wanu wokongola usaonongeke. Analira, anati ankafuna zabwino. Ndikudziwa kuti ankafuna zabwino. Keke ija ndinati abwerere nayo.

Agogo anu ndinakhala milungu itatu osawalankhula. Chakudya ndinkawaikira patebulo, madzi osamba ndinkawaikira kubafa, koma mawu ayi. Tsiku lina ndikusankha nyemba pakhonde anadzakhala pambali panga, chipewa chili pabondo. Anati, "Amake Misozi, zaka makumi asanu sindinakuonenipo mutagona masana. Sindinakupatsenipo kanthu ine, ntchito yanga inali ya matumba. Lolemba lija ndinakuonani mukuwodzera pampando padzuwa, ndiye foni itabwera ndinati ndinena madzulo. Madzulo ndinati ndinena mawa. Litafika Lachinayi ndinaopa."

Mukuganiza kuti ndinasungunuka? Iwe Taonga, ndikukuona maso ako, wayamba kale kuwamvera chisoni. Ndinawauza kuti tulo timeneto sitinali tanu topatsa munthu. Munatitenga kwa mayi wakufa, amene anasambitsa mwana wanu inu muli kumatumba. Munandigwira dzanja pamathithi mukudziwa kuti mnzanga ali mu firiji akundidikira, ine n'kumati ndakondedwa. Lero timalankhulana, nanga n'kutani, munthu wakalamba naye. Koma foni ikalira m'nyumba muno amayankha ndine, ngakhale ikhale yawo.

Kumanda ndinapita ndekha sabata yomweyo. Ndinakhala pambali pa mtumbira, nkhata zamaluwa zitayamba kufota, ndinawatukwana monga ndikanachitira patsiku lake. Ndinati iwe wakuba iwe, mdzukulu wa odya nyani, unati sufa ndisanabwere, bodza la Chibemba mpaka m'manda. Ndinatukwana mpaka kukhosi kuuma. Kenako ndinapepesa, chinthu chimene sindinachitepo kwa iwo ali moyo.

Tsopano chaka chatha. Mu mzere uno muli Abemba nyumba zisanu, ndipo kale ndinkati ndikatuluka m'mawa, ndisanafike pamsika ndatukwanidwa kanayi. Wina ati bisani mbewa wabwera, wina ati lole yako ya ku Nyasalande yafika. Lero onse amandipatsa moni wabwino. Mwauka bwanji amai, muyende bwino amai. Ana awo amandipatukira panjira. Inu mukaona zimenezo mumati ambuya athu amalemekezedwa mu komboni. Simudziwa kanthu. Ine ndikagona pansi mawa, ndani mwa anthu aulemuwa adzabwere kudzandipaka ufa, kudzakoleza moto, kudzatseka chitseko n'kundisambitsa? Amene tinapangana naye ndinamusiya m'manja mwa alendo.

Mwezi wathawu ndinakumana ndi Bwalya pamsika, akugula kapenta. Ndinati lero ndiyesa. Ndinaima kumbuyo kwake, ndinakweza mawu kuti msika wonse umve, ndinati, "Ogulitsa inu, gwirani bwino katundu wanu, kwafika mwana wa nyani. Iwe Bwalya, wakuba ngati amako, tulutsa zimene wabisa m'chitengemo." Ndinaima pamenepo kudikira kuti anditukwane, ngakhale kamodzi kokha, ngakhale pang'ono.

Anatembenuka, anandiyang'ana. Nkhope yake ndi ya amayi ake ndendende, mpaka kakhalidwe ka mlomo kamene ankachita akafuna kukulasa ndi mawu. Anasamutsira kapenta kudzanja lamanzere, anapinda bondo, nati, "Mwachoma bwanji, mukwai. Mupeleke moni kuli ba Mbewe." Ndipo anapita.